Ulendo wa ku Nkhotakota ndi mapazi a azakhali

Mukatsika kuchokera ku Lilongwe ndi msewu wa M14, n'kukhotera kumpoto ndi M5 pafupi ndi Salima, kutentha kumakulandirani musanaione n'komwe nyanja. Minibasi yathu inaima pa Benga, kenako pa mlatho wa Chia pomwe anyamata amakupatsirani chambo pazenera. Ine ndinkapita kukaona azakhali, amene akhala ndi matenda a shuga kwa zaka zambiri.

Nkhotakota ndi malo okoma. Ndinaima pansi pa mkuyu umene amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, ndinadya kondowole wa usipa, madzulo n'kupita kunyanja kukaona asodzi akukonza makoka. Koma mchenga wa kumeneko masana a Okutobala umatentha ngati chiwaya. Ine wovala nsapato ndinkafulumira, azakhali akuyenda chosavala, mtima uli m'malo.

"Zakhali, simukupsa?"

"Ayi mwananga, mapazi angawa anachita dzanzi kalekale. Sindimva kanthu."

Iwo ankanena ngati mwayi, ine mtima unangoti myuu. Shuga akakhala wokwera nthawi yaitali amaononga mitsempha yomvera kupweteka, kuyambira kuzala za kumapazi, komanso amachepetsa magazi ofika kumeneko. Munga wa nsomba, mbedza kapena kamwala ka mu nsapato zimalasa munthu osadziwa. Amapitiriza kupondera pomwepo, chilonda n'kukula, n'kuyamba mafinya, ndipo ambiri odulidwa mwendo anayamba chonchi. Titakhala pakhonde ndinawapempha kuti ndione kunsi kwa mapazi awo. Pansi pa chala chachikulu panali thuza lophulika limene iwo sanalidziwe.

Pali madokotala amene anathera moyo wawo pa phazi lokhali, ndipo ine ndimawalemekeza kwambiri chifukwa ndi ntchito yopanda ulemerero. Professor Andrew Boulton wa ku University of Manchester, katswiri wa matenda a shuga, wafufuza kwa zaka zambiri mmene dzanzi ndi kupondera malo amodzi zimabalira zilonda, ndipo mu 2019 anakhala mtsogoleri wa International Diabetes Federation, bungwe la padziko lonse loona za matenda a shuga. Michael Edmonds anatsegula kiliniki ya mapazi a odwala shuga ku King's College Hospital, London, mu 1981. Asanabwere iwowa, Paul Brand anali ataona pa odwala khate ku Vellore, India, kuti chimene chimamaliza phazi ndi kusamva kupweteka. Kachipangizo koyezera dzanzi n'kosavuta: kaulusi ka nayiloni kamene kamapindika kakakanikizidwa ndi mphamvu ya magalamu 10. Wodwala akapanda kukamva, phazilo lili pangozi.

Amene amandifika pamtima ndi Dr Zulfiqarali Abbas wa ku Dar es Salaam, chifukwa odwala ake amakhala ngati ife. Iye analembapo za anthu a shuga olumidwa mapazi ndi makoswe ali m'tulo, osadzuka. Nditawauza azakhali zimenezi anakhala chete, popeza matumba a mpunga amagona nawo m'chipinda.

Iwo anakonza zoti tikasambe ku akasupe a madzi otentha a Mawira, amene alendo amakonda kukaona. Ndinawakaniza. Phazi losamva likhoza kupsa m'madzi otere mwini wake akuseka. Ngakhale kubafa, madzi aziyamba kuyesedwa ndi chigongono.

M'malo mwake tinakwera kabaza kupita kuchipatala, komwe anatsuka thuzalo, kuwayeza shuga ndi kuwauza tsiku lobwereranso. Pamsika pa boma ndinawagulira nsapato zotseka, zofewa mkati, zosathina, chifukwa patapata sateteza zala. Mdzukulu wawo wamkulu tamupatsa ntchito: madzulo aliwonse aziwayang'ana kunsi kwa mapazi ndi pakati pa zala, aziwapukuta bwino, ndipo azikutumula nsapato asanavale. Mpunga tinausamutsira kukhitchini tsiku lomwelo.