UNISA uli pa ntchito: fizi si vuto lalikulu, vuto ndi maola

Anthu angapo akhala akundifunsa za sukulu ya UNISA, ena ali konkuno ku Joni ena ali kumudzi, ndipo funso loyamba limakhala lomwelo, fizi ndi zingati. Fizi mukaipeza pa webusaiti yawo chifukwa imasintha chaka ndi chaka ndipo amalipiritsa pa module iliyonse, kutanthauza phunziro lililonse limene watenga, ndiye ndingakunamizeni. Ine chomwe ndikufuna tikambirane ndi nthawi, poti ndi yomwe ndaona ikugwetsa anzanga ambiri, ena oti ndalama anali nazo bwinobwino.

Kwa amene simukuidziwa, UNISA ndi University of South Africa, likulu lake lili ku Pretoria, chinyumba chachitali chija chili paphiri ku Muckleneuk chimene mumachiona mukamalowa mu tauni kuchokera ku Johannesburg. Ndi yakalekale, inayamba mu 1873, ndipo zophunzitsa anthu ali kutali inayamba mu 1946, nthawi imeneyo zonse zinkayenda pa positi. Mandela digiri yake ya zamalamulo anaimaliza kumeneku mu 1989 ali mkaidi. Pano zonse zili pa intaneti, umalowa pa myUnisa, manotsi ali pomwepo, assignment umatumiza pomwepo, ngakhale mayeso kuchokera nthawi ya Covid mu 2020 ambiri timalembera pakhomo.

Tsono tiwerengere limodzi. Module imodzi nthawi zambiri imakhala ma credit 12, ndipo kuno credit imodzi amaiwerengera kuti ndi maola 10 owerenga, ndiye kuti module imodzi ndi maola 120. Semesita ukachotsa za kulembetsa ndi mayeso imatsala masabata ngati 15, ndiye maola 8 pa sabata pa module imodzi yokha. Munthu wangolandira kalata yoti wamutenga, mtima uli m'mwamba, amatenga ma module 5 kuti amalize msanga. Amenewo ndi maola 40 pa sabata aise, ntchito ina yathunthu, pamwamba pa maola 45 amene abwana akukudya kale, osawerengera ovataimu, osawerengera maola a mu takisi, mwana wadwala, maliro a m'bale wathu amene tikusonkherana kuti thupi lipite kumudzi, zonsezo zikufuna iwe yemweyo.

Ine ndimagwira mu warehouse, ntchito yolandira ndi kutulutsa katundu, ndipo ku UNISA ndikupanga za supply chain, maphunziro a kayendetsedwe ka katundu, chifukwa ndi zomwe ndimagwira kale tsiku ndi tsiku, kungoti pepala ndilibe ndiye pa promotion amandidumpha. Apa mpamene sukulu yotereyi imakoma kwa munthu wamkulu. Tikamaphunzira za nthawi yoyenera kuodanso katundu asanathe mu sitolo, ine ndimaona mashelefu enieni m'mutu, ndimakumbukira tsiku lomwe makatoni anatithera lole ili pageti dalaivala akutukwana. Mwana wongochoka ku sekondale amaloweza, ife timangoti ooh kani dzina lake ndi limeneli. Koma accounting ndiye ayi, imeneyo sidziwa kuti ndiwe wamkulu, imafuna ukhale pansi ndi pensulo basi.

Kuwerenga kwanga ndi kwa m'bandakucha. Madzulo ndikaweruka mutu umakhala utatheratu, ndikatsegula laputopu ndimangoyang'ana ngati TV. Ndiye ndimadzuka anthu onse ali mtulo, ketulo pamoto, bulangete pamiyendo chifukwa June wa kuno sacheza, ndiwerenge mpaka nthawi yokakwera takisi. Manotsi ndimapangiratu download Lamlungu pomwe pali wifi, mu takisi ndimangobwereza pa foni, data isamathere ziii. Pa mayeso napo konzekeranitu, laputopu ikhale yodzaza, foni ikhale ndi bandulo yapadera, chifukwa magetsi akathima pakati pa mayeso nthawi yotumizira pepala siikudikira, komanso pali ka app koyang'anira mayeso kamene kamakuuza kuti udzijambule uli mkati molemba. Auzenitu a m'nyumba kuti tsiku limenelo wailesi ayi, alendo ayi.

Digiri ya zaka 3 ndi ma credit 360, kutanthauza ma module 30. Ukamatenga 3 pa semesita ndi zaka 5, ukamatenga 2 ndi zaka 7 ndi theka, ndipo malire amene amapereka ndi zaka 8. Ena akamva zaka 5 amagwa ulesi eti ndidzakhala nditakalamba. Inetu ndimaona kuti bola 2 kapena 3 zokhoza kusiyana ndi 5 zoti ziwiri ulakwe ubwerezenso ndi ndalama zina, komanso ukamalakwa kwambiri amatha kukuimitsa kulembetsa. Magulu a pa WhatsApp a module iliyonse amathandiza kukumbutsana masiku otsekera assignment, koma samalani, m'menemo mumadzaza anthu ogulitsa mayankho, ndipo akakugwira wakopera nkhani yake imafika ku disciplinary, zaka zako zonse zija zitha kupita m'madzi chifukwa cha R200.

Za mapepala musazisiye mochedwa. MSCE yathu ndi pepala lakunja kuno, ndiye imayenera ikapimidwe kaye, pali a SAQA, bungwe loona za mapepala a sukulu kuno, amene amaona kuti ikufanana ndi chani, ndipo ofuna kulowa digiri mwachindunji amadutsanso ku Matriculation Board ya Universities South Africa, yomwe imaona ngati pepala lako likukwana kulowera digiri. Zimatenga nthawi, yambani miyezi ingapo application isanatsegulidwe. Ine ndinalowera ku Higher Certificate, satifiketi yochepera pa digiri ya ma credit 120, kenako ndi pomwe ndinapita ku digiri, ndipo ndinaona kuti inandithandiza kuzolowera kuwerenga patatha zaka zambiri ndisanagwire buku.

Amene muli kumudzi muthanso kulembetsa, kungoti ophunzira okhala kunja kwa South Africa amawonjezera kandalama kena pa module iliyonse, ndipo fizi ndi ya ma rand, ndiye muziganizira m'mene kwacha ikuyendera. Ngati cholinga ndi kudzafunsira ntchito m'boma ku Malawi, kaya mwasankha UNISA kaya ina mwa masukulu a pa intaneti amene akutsatsa pa Facebook masiku ano, pitani kaye ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede ku Lilongwe, mukafunse ngati pepala lakelo adzalivomereze musanalipire kalikonse.