Tafika, amayi ali moyo. Zikomo, makamaka Anti a ku Delhi

Tafika abale. Ndege inatera ku Lumbadzi dzulo masana ndipo amayi anatsika masitepe okha, pang'onopang'ono, koma okha. Ine tulo palibe. Thupi likuwerengabe nthawi ya ku India, yomwe ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka, ndiye ndadzidzimuka 2 koloko usiku uno n'kumangoyang'ana denga. Ndati bola ndilembe mtima udakali wotentha. Pomwe ndasokoneza mundikhululukire.

Za matenda a mtima a amayi, amene anatipititsa ku Delhi kukachita opareshoni, mukuzidziwa kale, sindibwereza. Mulungu alemekezeke, ndi Iye yekha. A mphakati wathu amene simunadumphe kolona ngakhale Lachinayi limodzi, zikomo. Anzanga a kuntchito amene munasonkha mu Januwale, mwezi woti aliyense akulira fizi ndi feteleza, zikomo. Achimwene, ng'ombe ziwiri zija sindidzaziiwala. Madokotala ndi anamwino, Mulungu akuonjezereni nzeru.

Koma pali munthu mmodzi amene sangawerenge n'komwe zimene ndikulembazi. Ndi mayi eninyumba yomwe tinkachita lendi kachipinda pafupi ndi chipatala. Aliyense pamenepo amangowaitana kuti Anti, inenso ndinatengera pomwepo. Iwo ankanditchula beti, ndiye kuti mwana wamkazi. Chingerezi chawo n'chochepa, ine Chihindi ndilibe, koma takhala masabata asanu ndi atatu tikumvana ndi manja ndi maso.

Ndinene zoona, ine amwenye ndinakula ndikuwadziwira pakauntala basi, ku Malangalanga pogula nsalu. Ndinafika ku Delhi kumapeto kwa Januwale ndili ndi mantha. Kuzizira kwake kuposa Juni wa ku Dedza, chifunga mpaka 10 koloko m'mawa. Usiku woyamba Anti anagogoda, m'manja muli mabulangete awiri ndi tiyi wa jinja. Patangopita masiku ochepa anatulukira atavala zachikasu kuyambira kumutu, atanyamula mpunga wotsekemera, nawonso wachikasu. Mwana wawo wamwamuna ndi amene anandifotokozera kuti ndi Vasant Panchami, tsiku la Saraswati amene Ahindu amati ndi mwini nzeru ndi maphunziro, komanso chizindikiro choti dzinja lozizira layamba kutsazika. Amayi anali asakudya masiku amenewo, koma mpunga uja anadya masipuni atatu. Ndinawerenga.

Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti mayi ameneyu amasala kudya pafupipafupi, koma moto kukhitchini kwawo suzima. Kusalako amati vrat. Lolemba lililonse amasala chifukwa cha Shiva, mmodzi mwa milungu ya Ahindu. Kawiri pamwezi pali Ekadashi, tsiku la 11 kuchokera pamene mwezi wakhala kapena wadzaza, ndipo tsiku limenelo sakhudza mpunga, tirigu kapena nyemba. Anyezi ndi adyo ayi. Ngakhale mchere amasintha, amathira wamiyala wotchedwa sendha namak. Koma gadiyani wa ku Malawi ankamuphikirabe chapati ndi nyemba zawo za dal, iwo osalawa.

Tsopano 26 Febuluwale, 2025. Opareshoni inali m'mawa, inatha bwino, amayi anawalowetsa ku ICU. Cha m'ma 9 usiku dokotala anandiitana: magazi sakusiya kutuluka, tiwabwezera ku fiyeta, sainani apa. Ndinasaina dzanja likunjenjemera. Anandiuzanso kuti magazi amene agwiritse ntchito ayenera kubwezedwa, ndipeze anthu opereka. Ine ndipeze anthu? Ku Delhi? Ndinakhala pabenchi ndekhandekha. Ndinaimba kumudzi, netiweki inkangodukaduka.

Limenelo linali tsiku la Maha Shivaratri, usiku waukulu wa Shiva. Kuyambira m'mawa misewu inali itadzaza anthu opita ku makachisi atanyamula mkaka, madzi ndi masamba a bel, aja amakhala atatu paphesi limodzi. Anti anali asanadye chiyambire dzulo lake, ngakhale madzi sanamwe, chifukwa chaka chino anasankha kusala kouma kumene amati nirjala. Ndipo masiku awiri m'mbuyomo anali atasalanso Ekadashi. Mwambo wake ndi woti usiku umenewu munthu sagona, amachezera kukachisi, mapemphero amachitika magawo anayi mpaka mbandakucha. Chaka chonse amaudikira usiku umenewu. Anafunanso kupita ku mzinda wa Prayagraj kukasamba nawo tsiku lomaliza la Kumbh Mela, mwambo waukulu wa Ahindu wosamba mumtsinje, lomwe linali tsiku lomwelo, koma mwana wawo anawaletsa pambuyo pa ngozi ya pa 15 Febuluwale pamene anthu 18 anafa popanikizana pasiteshoni ya sitima ya New Delhi. Ndiye chomwe chinawatsalira chinali kachisi wawo wapafupi.

Sindinawaimbire. Anangoona kuti chipinda changa chili mumdima mpaka 11 koloko, natuma mwana wawo kudzafunsa. Pasanathe ola ndinangoona mayi wachikulire akubwera m'khonde la chipatala, shawelo kumutu, kontena m'manja. Anasiya kachisi. Anakhala pambali panga, natsegula kontena ija, n'kundiuza ndi dzanja kuti idya. Ndinakana. Anatenga sipuni n'kundiika m'manja ngati mwana.

Munali timibulu toyera tonga matalala, tokazinga ndi mbatatesi, mtedza wosinja ndi tsabola. Ndi chakudya cha anthu osala amene sangathe kukhala osadya kalikonse, amati sabudana khichdi. Nditafunsa mwana wawo kuti timibuluti n'chiyani, anandionetsa chithunzi pafoni. Chinangwa! Abale, ine wa ku Nkhotakota, wokulira kondowole, ndawoloka nyanja yamchere kukadya chinangwa ndi mtedza pakhomo la fiyeta. Ndinaseka, kusekako n'kusanduka kulira, ndinalira ngati pamaliro. Anti sananditonthoze ndi mawu. Anangondigoneka mutu pamiyendo pawo.

Kenako anatulutsa mkanda wawo wa mbewu za rudraksha, timikanda 108, n'kuyamba kunong'ona Om Namah Shivaya. Ine ndinatulutsa kolona yanga. Iwo zawo, ine Tikuoneni Maria. Sanandiuzepo kuti nena zanga, inenso sindinawauze kuti siyani. Milomo yawo inali itauma mpaka kung'ambika, botolo langa la madzi lili pomwepo pakati pathu, sanaliyang'ane n'komwe. Nthawi itakwana 3 koloko dokotala anatuluka n'kunena kuti magazi asiya. Ndinagwada pansi pomwepo. Anti anakhalabe mpaka kunja kutayera, ndipo anapita kukasamba ndi kumasula kusala kwawo atandiona kaye kuti ndalowa kukaona amayi pagalasi.

Masana ake mwana wawo anabwera ndi anzake atatu, onse atadya kaye poti nawonso anali atasala, n'kupereka magazi. Ndinafuna kuwapatsa ya thiransipoti, anakwiya. Mayina awo sindilemba pano chifukwa sindinawapemphe, koma Mulungu akuwadziwa.

Ndiye pali ena mwa inu munandilembera kuti ndisamale, ndisamadye za m'nyumba ya anthu opembedza mafano. Ndinaona uthengawo. Ndinaonanso kuti usiku wa pa 26 mauthenga anga munawawerenga, timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu, koma yankho mpaka lero. Sindikusunga mangawa, tili mu Lenti. Kungoti ndikudziwa amene anandidyetsa. Chikhulupiriro changa sichinasunthe, ndinapita ku Misa Lachitatu la Phulusa pa 5 Malichi, ndipo amene anandipezera tchalitchi n'kundilipirira njinga yamoto yamatayala atatu ndi Anti omwewo. Nditabwera ndi phulusa pamphumi anaseka, n'kuloza pamphumi pawo pomwe amapakanso phulusa la Shiva. Atamva kuti nanenso ndayamba nyengo yosala, Lachisanu lililonse ankandifunsa ngati lero ndi vrat yanga. M'chipatalamo munalinso mnyamata wachisilamu wokankha njinga za odwala, iyenso ali mu Ramadan. Tonse atatu a njala, tikuzungulira bedi la amayi amene madokotala ankawakakamiza kudya.

Amayi anatuluka m'chipatala kutatsala masiku awiri kuti ifike Holi, chikondwerero chawo chopakana utoto. Usiku wa pa 13 Malichi anthu anakoleza moto waukulu pamphambano, m'mawa mwake msewu wonse unali utoto wokhawokha, ana akuthirana madzi. Anti anatseka geti kuti wina asayandikire bala la amayi. Anangotenga kaufa kofiira pachala, n'kuwapaka pang'ono patsaya, n'kuwapatsa gujiya, kachitumbuwa kokazinga kotsekemera mkati. Amayi, amene sadziwa liwu limodzi la Chingerezi, anawagwira dzanja n'kunena kuti achemwali, mwandisungira mwana. Sindinamasulire. Anti anagwedeza mutu ngati amva.

Tsiku lonyamuka anandibwezera lendi ya sabata yomaliza atayikulunga m'kansalu. Ndinaizindikira tili ku Addis Ababa. Ine ndinawasiyira chitenje changa cha Amayi Akatolika, china ndinalibe.

Anti, mwana wanu akakuwerengerani izi pafoni, mawu amene ndinakuphunzitsani aja ndi omwewa: zikomo. Zikomo kwambiri. Ambuye Yesu amene ndimamupembedza akusungireni mawondo anu opwetekawo, akupatseni zaka zambiri.

Ofuna kudzaona amayi, chonde dikirani sabata ziwiri, ndipo wachimfine asabwere. Dokotala waletsa mchere wambiri ndi zamafuta, ndiye obweretsa usipa wouma muuviike kaye.