Lipoti la Ulendo Wathu Wapansi ku Nara: Kuchokera ku Todai-ji Mpaka ku Phiri la Miwa

Kwa anzathu amene simunathe kupita nafe, komanso abale kumudzi amene mumafunsa ngati kuno ku Japan timangokhalira mabuku: akomiti anandipatsa ntchito yolemba za ulendo umene gulu lathu la ophunzira ochokera ku Malawi ndi ku Zambia, okhala ku Osaka, Kobe ndi Kyoto, linayenda m'chigawo cha Nara mwezi wa Novembala. Pangano lathu linali lakuti sitima ikatisiya pa siteshoni, kotsalako tiyende wapansi. Basi ayi, takisi ayi. Ena anang'ung'udza pa msonkhano wokonzekera, koma ine ndikuti zambiri zimene ndilembe m'munsimu tikanangozidutsa osaziona tikanakhala pawindo la basi.

Tinakumana m'mamawa pa siteshoni ya Namba ku Osaka, n'kukwera sitima ya Kintetsu imene imatenga mphindi pafupifupi 40 kukafika ku Nara. Kumeneko anatichingamira bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, amene amaperekeza alendo popanda malipiro. Sipanatenge nthawi, tonse tinayamba kuwatchula kuti agogo, ndipo titawafotokozera kuti kwathu ndi ulemu, anavomera ndi mutu n'kutsogola. Anali ndi liwiro loti achinyamatafe tinkachita kuthamangira.

Nara linali likulu la dziko la Japan kuyambira chaka cha 710 mpaka 784. Ukangotuluka m'siteshoni n'kuyenda pang'ono, umayamba kukumana ndi agwape. Ali ponseponse, oposa 1,000, ogona m'mphepete mwa msewu, ena oima pakhomo la sitolo. Palibe amene amawathamangitsa. Anthu amagula timabisiketi topangira iwo omwewo n'kumawadyetsa, ndipo agwape ena anazolowera kuweramitsa mutu akaona kabisiketi m'dzanja. Mlongo wathu wina wa ku Chipata anangoti atsegule chikwama, gwape n'kumulanda mapu apepala, n'kuyamba kutafuna. Agogo anathamangira kukam'chotsa m'kamwa, nkhope ili gwaa, chifukwa mapepala ndi mapulasitiki amadwalitsa ndi kupha nyamazi. Kuchokera pamenepo tinkayenda zikwama zili zotseka.

Pa kachisi wa Kofuku-ji sitinachedwepo. Mtima wa aliyense unali ku kachisi wamkulu wa Todai-ji.

Polowera pali chipata chachikulu cha mitengo chotchedwa Nandaimon, cha m'chaka cha 1199, ndipo mbali zonse ziwiri kwaima zosema za alonda aukali, zotalika kupitirira mamita 8, zimene amisiri otsogozedwa ndi Unkei ndi Kaikei anasema mu 1203. Minofu ya m'miyendo ndi mitsempha ya m'manja zimaoneka ngati munthu wamoyo wakunga thupi. Ukadutsa apo ndiye umaona nyumba ya Buda Wamkulu: mamita 57 m'lifupi, pafupifupi 49 kupita m'mwamba, yomangidwa ndi mitengo. M'kati mwake muli chifaniziro cha mkuwa cha mamita pafupifupi 15, chokhala pansi, dzanja lamanja chitakweza. Gulu lathu ndi la anthu olongolola, koma pamenepo tonse tinangoti zii.

Chimene chinandigwira mtima si kukula kwake kokha ayi, koma mmene chinabwerera. Pakati pa 735 ndi 737 mliri wa nthomba unasesa dziko la Japan. Akatswiri a mbiri amati unapha munthu mmodzi mwa anayi kapena atatu alionse, ndipo abale anayi a banja lamphamvu la Fujiwara anafa chaka chimodzi. Mu 743 mfumu yaikulu Shomu inalamula kuti pasulidwe chifanizirochi pofuna mtendere wa dziko, ndipo m'chilengezo chake inati ngakhale wobweretsa kaudzu kamodzi kapena dothi lodzaza dzanja aloledwe kuthandiza. Wansembe Gyoki anayenda m'midzi kusonkhanitsa zopereka, ndipo mwambo wotsegulira unachitika mu 752. Nyumbayo inapsa pa nkhondo mu 1180, anaimanganso, inapsanso mu 1567. Kwa zaka zoposa 100 Buda uja anakhala pamtetete, mvula ndi dzuwa zikumuthera pathupi, mpaka wansembe wina, Kokei, anayambanso kuyenda dziko lonse kupempha thandizo. Iyeyo anamwalira mu 1705 ntchito isanathe. Nyumba imene tinalowayo inamalizidwa mu 1709, ndipo chifukwa chuma chinachepa, m'lifupi mwake ndi magawo awiri okha mwa atatu a yoyamba ija. Kumbuyo kwa chifaniziro kuli mzati wobooka m'munsi, ndipo ana asukulu anali pamzere kukwawa kudutsa pabowopo, aphunzitsi awo akuwakoka manja.

Kuchoka apo tinakwera masitepe amiyala kupita ku Nigatsu-do, kachisi wa pachitunda pamene umaona mzinda wonse uli pansi. Kumeneko chaka chilichonse mu Malichi othandizira ansembe amathamanga pakhonde atanyamula miuni ikuluikulu yamoto, mwambo umene sunadumphepo chaka kuyambira 752. Tinadya kamba wathu chapafupi, n'kutsetsereka ndi kanjira kolowera ku Kasuga Taisha.

Apa ndiyenera kufotokoza nkhani imene inatiimika kanthawi, chifukwa ndikudziwa kuti enanu mufunsa. Todai-ji ndi kachisi wa Chibuda, pamene Kasuga Taisha ndi wa chipembedzo cha Shinto, cha mizimu ya dziko lino. Akachisi a Shinto umawadziwira chipata cha mizati iwiri ndi mitanda pamwamba, chotchedwa torii. Agogo anatifotokozera mwambo wake: pachipata munthu amawerama pang'ono, sayenda pakati penipeni pa njira, pachitsime amatunga madzi ndi chikho cha mpini wautali n'kusamba dzanja lamanzere, kenako lamanja, n'kuchukucha m'kamwa. Akafika kutsogolo amaponya kandalama m'bokosi, kuwerama kawiri, kuomba m'manja kawiri, n'kuweramanso kamodzi. Kwa Abuda saomba m'manja, amangogwirizanitsa zikhatho mwakachetechete.

M'gulu mwathu muli Akatolika, a CCAP, a Seventh Day, a mipingo ya Pentekoste ndi Asilamu. Mkulu wathu, amene ndi mkulu wa mpingo kwawo, anaima nati, "Abale anga, ine kuwerama apa sindingathe. Musandione ngati wamwano." Mnzathu wachisilamu anati nayenso ndi chimodzimodzi. Titawamasulira agogo, iwo anati palibe amene amakakamizidwa, mlendo angoyenda mwaulemu, osatchinga amene akupemphera, osajambula pamene aletsa. Nkhani inathera pomwepo. Ena anasamba m'manja, ena ayi, ndipo palibe anaweruza mnzake. Kwa ine, mmene mkulu wathu ananenera poyera ndi mofatsa zinali bwino kuposa kuti akanangobwerera m'mbuyo mwakachetechete ali wokhumudwa.

Kasuga Taisha inakhazikitsidwa mu 768 ngati kachisi wa banja la Fujiwara. Amakhulupirira kuti mzimu wina wa pamenepo unachokera ku Kashima, kum'mawa kwa Japan, utakwera gwape woyera, n'chifukwa chake agwape a ku Nara amatetezedwa. Njira yolowera imadutsa pakati pa nyali zamiyala zomera ndere, pafupifupi 2,000, ndipo m'makonde ofiira mwapachikidwa zina zamkuwa pafupifupi 1,000. Nyali iliyonse inaperekedwa ndi munthu kapena gulu, ndipo ukayandikira umaona mayina ozokotedwa, ena ofufutika ndi zaka. Zonse amaziyatsa mu Febuluwale ndi mu Ogasiti. Nyumba zopatulika za pamenepo amazikonzanso zaka 20 zilizonse, ndipo ulendo wa nambala 60 unatha mu 2016. Ndiye kuti mmisiri amene anaphunzira ntchitoyo ali mnyamata amadzaiphunzitsa ena ali bambo, luso osafa.

Kuseri kwa kachisiyu kuli nkhalango ya phiri la Kasuga, kumene kudula mitengo ndi kusaka zinaletsedwa mu 841. Ili m'mphepete mwenimweni mwa mzinda. Mchimwene wathu wa ku Nsanje ataiona anati ikumukumbutsa nkhalango ya Khulubvi kumene kuli kachisi wa Mbona: nakonso nkhwangwa siloledwa, ndipo kanyumba ka kachisi kakatha anthu amasonkhana kukamanganso. Agogo anafunsa zambiri za Mbona mpaka tinachedwa kunyamuka.

Usiku tinagona m'nyumba ya alendo yotsika mtengo, nsapato kusiya pakhomo, matiresi kuyala pamphasa za tatami.

Kutacha tinakwera sitima kupita ku Tenri kukayamba njira ya Yamanobe, imene imawerengedwa kuti ndi imodzi mwa njira zakale kwambiri m'dziko lino. Kuchokera ku Tenri kukafika ku Sakurai ndi makilomita pafupifupi 16, kutsata m'munsi mwa mapiri. Ndinene poyera: tsiku limeneli linandikomera kuposa la ku Todai-ji. Kunalibe chikhamu cha anthu. Njira imalowa m'nkhalango, kutulukira m'minda ya mpunga wokololedwa kale, kudutsa pakati pa nyumba za anthu, pena kupyapyala mpaka kuyenda mmodzimmodzi.

Poyambira pake pali Isonokami Jingu, mmodzi mwa akachisi akale kwambiri a Shinto, kumene nkhuku zimangoyendayenda pabwalo, atambala a michira yaitali akulira pamwamba pa mipanda. Tinapeza bambo wina wovala zoyera akusesa masamba pabwalo la timiyala ndi tsache la nsungwi. Masamba ankagwabe kumbuyo kwake. Iye ankangopitiriza, mzere ndi mzere, osafulumira, ndipo pamene wadutsa timiyala tinkasiya tizindikiro ta tsache toyalana bwinobwino.

Patsogolo pang'ono agogo anatiimika pambali pa dziwe lina lozunguliridwa ndi minda. Ife sitinaonepo chachilendo. Anatiuza kuti pamenepo panali Uchiyama Eikyu-ji, kachisi wamkulu wa Chibuda wa m'zaka za m'ma 1100, wa nyumba zambirimbiri. Mu 1868 boma latsopano la Meiji linalamula kuti Shinto ndi Chibuda, zimene kwa zaka mazanamazana zinkakhalira limodzi m'malo amodzimodzi, zilekanitsidwe. M'madera ambiri lamulolo linasanduka chiwawa chogwetsa akachisi a Chibuda. Ansembe a pa Eikyu-ji anasiya unsembe, katundu anagulitsidwa ndi kumwazika, nyumba zinaphwasulidwa. Nyumba imodzi imene inapulumuka anaisamutsira ku Isonokami, ndipo tinali titaidutsa m'mawa womwewo osadziwa. Ndinaima pa dziwe lija nthawi yaitali. Todai-ji inapsa kawiri koma ilipo, chifukwa panapezeka anthu oyenda khomo ndi khomo kupempha kuti imangidwenso. Pano moto sunafike, koma osamalira atachoka panatsala dziwe. Pamalo pake pali chikwangwani chaching'ono, choti uli pagalimoto sungachione.

Mbali ya njira imene aliyense akuikambabe ndi ya timisika topanda wogulitsa. M'mphepete mwa minda alimi amaika kathebulo kofolera ndi lata, n'kuyalapo timatumba ta manachesi ndi zipatso zofiirira zotchedwa kaki, mtengo atalemba pakatoni, ambiri 100 yen, pambali kachitini koponyamo ndalama. Mwini wake kulibe. Msungichuma wathu anawerenga ndalama zachitsulo kawiri asanaponye, kuopa kuperewera. Tinakhala m'mphepete mwa munda kusenda manachesi, makoko kuika m'zikwama chifukwa motaya zinyalala mulibe m'njira yonse.

Tinadutsanso zitunda zikuluzikulu zomera mitengo, zozunguliridwa ndi madzi, zimene ndi manda a mafumu akale. Awiri mwa iwo amati ndi a mfumu Sujin ndi mfumu Keiko. Munthu saloledwa kukwerako. Apa n'kuti miyendo itayamba kulemera, ndipo mlongo wathu wina amene anavala nsapato zatsopano anali atatuluka matuza. Tinam'manga mapulasitala, anyamata n'kulandirana chikwama chake.

Chakumadzulo tinafika ku kachisi wa Omiwa Jinja. Akachisi ambiri a Shinto amakhala ndi nyumba yamkati mosungira chopatulika, koma kuno kulibe. Anthu amapemphera atayang'ana phiri la Miwa, la mamita 467, chifukwa phirilo ndilo chopatulikacho. Wofuna kukwera amalembetsa pa kachisi wamng'ono wa Sai, amavala kansalu koyera m'khosi, ndipo kumtundako saloledwa kujambula, kudya, kapena kuthyola ngakhale tsamba. Ife tinafika nthawi yolembetsa itadutsa, choncho tinangomwa madzi a pachitsime cha pamenepo, amene anthu amabwera ndi mabotolo kudzatunga. Kenako tinalowa m'kanyumba kodyera kukadya somen, tizingwe topyapyala ta ufa wa tirigu timene dera la Miwa limatchuka nato, totentha mu msuzi. Agogo tinatsanzikana nawo pa siteshoni ya Miwa, chipata chachikulu chachitsulo cha mamita 32 chikuonekera patali pamwamba pa madenga. Tinawapatsa chitenje ndi paketi ya tiyi wa ku Thyolo. Ndalama anakana.

Tili m'sitima tinagwirizana zingapo zoti akomiti aziganizire. Ulendo wotsatira ukhale wa ku Horyu-ji, kachisi amene Kalonga Shotoku anayambitsa mu 607, kumene kuli nyumba zamitengo zakale kwambiri padziko lonse zimene zikadali chiimire. Aliyense abwere ndi nsapato zimene anaziyendera kale, masokosi osabooka chifukwa m'makachisi ambiri timavula nsapato, ndalama zachitsulo zokwanira, ndi kathumba ka zinyalala zake. Nkhani ya kuwerama ndi kusamba m'manja tiikambiranetu pa msonkhano wokonzekera, kuti munthu asadzadzidzimuke ali pachipata. Ndipo amene akufuna kukwera phiri la Miwa anene msanga, kuti tsiku limenelo tidzayambire ku Sakurai m'mamawa, n'kutsirizira ku Tenri.