Zolemba za Kuthamanga: Masabata Anayi Kumalo Okwera

Tsamba la sabata yoyamba m'buku la wothamanga amene wangofika kumalo okwera limaoneka ngati la munthu wodwala. Liwiro latsika, mtima ukugunda kwambiri m'mawa, tulo nato n'todukizadukiza. Koma palibe chimene chawonongeka. Okosijeni amakhala 21 peresenti ya mpweya kaya m'mphepete mwa nyanja kaya paphiri. Chimene chimachepa ndi mphamvu yokankha mpweyawo kuti ulowe m'magazi. Pa mamita 2,400, monga ku Iten ku Kenya, mphamvuyi imangotsala magawo atatu mwa anayi a mmene imakhalira m'mphepete mwa nyanja yamchere.

Masiku atatu oyamba thupi limapuma mofulumira ndipo limataya madzi ambiri, ena kudzera mumkodzo, ena popuma mpweya wouma. Madzi a m'magazi akachepa, hemoglobin, imene imanyamula okosijeni m'maselo ofiira a magazi, imaoneka ngati yakwera mukayezetsa. Musasangalale msanga, magaziwo angolimba chabe, maselo ofiira sanachuluke ayi. Nthawi yomweyo impso zimayamba kutulutsa mchere wa m'thupi wotchedwa EPO wambiri, umene umafika pachimake mkati mwa masiku awiri kapena atatu, n'kulamula mafuta a m'mafupa kupanga maselo atsopano. Ntchito imeneyi ndi ya masabata.

Ambiri amalakwitsa pomwepa. Tsiku lachinayi mutu wasiya kupweteka, miyendo yapepuka, munthu n'kuyamba kulimbana ndi wotchi kuti abwezeretse liwiro lake lakunsi. Ikafika sabata yachiwiri ali lefu, mwina ndi chimfine pamwamba. Sabata yoyamba chepetsani makilomita, thamangani moti mukhoza kucheza ndi mnzanu osabanika, ndipo muziyang'ana kugunda kwa mtima m'malo mwa mphindi za kilomita. M'mawa uliwonse, musanadzuke pabedi, lembani kugunda kwa mtima ndi mmene mwagonera. Mukadzuka onani mtundu wa mkodzo ndi kulemera kwa thupi, chifukwa kumtunda njala imachepa ndipo munthu amaonda osadziwa. Ngati mtima wakwera ndi 10 kapena kuposerapo pa mphindi poyerekeza ndi masiku apitawo, tsiku limenelo ndi loyenda pansi basi.

Zothamanga mwamphamvu zibwere sabata yachiwiri, koma zifupizifupi. M'malo mwa mamita 1,000 kasanu, yambani ndi mamita 400 kapena 600, ndipo nthawi yopuma pakati muiwonjezere ndi theka kapena kuiwirikiza. Mtunda wautali ndi umene umalangidwa kwambiri ndi mpweya wopepuka. Pa mpikisano wa Olympics wa 1968 ku Mexico City, pa mamita 2,240, Bob Beamon, amene masewera ake olumpha patali ndi a kanthawi kochepa, anachita bwino kwambiri polumpha mamita 8.90, pomwe Ron Clarke wa ku Australia, katswiri wa mitunda italiitali, anakomoka atangomaliza mamita 10,000. Mpikisano wa mamita 10,000 uja anapambana Naftali Temu wa ku Kenya, ndipo marathon anatenga Mamo Wolde wa ku Ethiopia, onse ochokera kumalo okwera.

Za ayironi n'zofunika kuzikonza musananyamuke. EPO angachuluke bwanji, popanda ayironi maselo ofiira sapangika, monga mmisiri amene wafika pa ntchito koma njerwa palibe. Yezetsani ferritin, imene imaonetsa ayironi wosungidwa m'thupi, mwezi umodzi ulendo usanafike, makamaka azimayi ndi amene sadya nyama. Mapiritsi a ayironi mumwe dokotala akakuuzani, popeza akachuluka m'thupi amawononga chiwindi.

Pofika sabata yachitatu ndi yachinayi, hemoglobin yeniyeni imakhala itakwera pang'ono, pafupifupi 1 peresenti pa maola 100 aliwonse okhala kumtunda. Choncho kukhalako masiku asanu okha n'kukaona malo chabe. Vuto lotsala ndi lakuti miyendo imazolowera kuthamanga pang'onopang'ono. Pofuna kuthana ndi vutoli, akatswiri ofufuza Levine ndi Stray-Gundersen mu 1997 anayesa kugoneka othamanga pa mamita 2,500 n'kumawatsitsira pa mamita 1,250 kukachita masewera, ndipo gulu limenelo ndi lomwe linathamanga bwino mamita 5,000 litabwerera kunsi. Si onse amapindula chimodzimodzi, ena magazi awo sasintha kwenikweni.

Kupitirira mamita 2,500 nkhani imasintha. Mutu wopweteka limodzi ndi nseru, chizungulire kapena kusafuna chakudya ndi matenda a kumapiri, ndipo musakwerenso mpaka zitatha. Pamwamba pa mamita 3,000, malo ogona asakwere kuposa mamita 500 pa tsiku. Wina akayamba kubanika atangokhala, kutsokomola thovu, kudzandira kapena kulankhula zosokonekera, mutsitseni nthawi yomweyo ngakhale kuli usiku, ndipo akaonedwe kuchipatala.

Mukabwerera kunsi pitirizani kulemba. Maselo owonjezera aja amatha pang'onopang'ono m'masabata otsatira, ndipo tsiku limene thupi limathamanga bwino limasiyana munthu ndi munthu. Yesani mtunda umodzimodzi masiku atatu oyamba, kenako sabata yachiwiri ndi yachitatu, kuti ulendo wina mudzadziwe poika mpikisano wanu.