Ulendo wa ku Mchinji: m'mapazi a amayi othawa nkhondo

Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa boma la Mchinji ndi makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12. Minibasi imadzera pa Namitete ndi pa Kamwendo, ndipo ikapanda kumangoima potola anthu, maola awiri mwafika. Chipata cha Mwami, cholowera ku Zambia, chili patsogolo pang'ono. Takisi kapena kabaza akufikitsani.

Koma mukatsika, funsani achikulire za anthu a ku Mozambique. Nkhondo ya pachiweniweni pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo itavuta, Malawi inasunga othawa oposa 1 miliyoni, ndipo Mchinji inalandira nawo, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Ambiri ankalankhula Chichewa chomwechi, malire anangowadula pakati.

Chimene nkhondo imayamba kulanda banja ndi munda. M'midzi ya Achewa, momwe muli chikamwini, munda umadzera kwa mayi, ndipo mawu ake pakhomo amatsamira pamenepo. Akathawa, alibenso pake, ndi mlendo pa dothi la eni. Bambo naye khasu lamuthera ntchito, amangokhala kapena kupita kukafuna ganyu m'maesiteti a fodya. Katundu yense amagwera mayi: mzere wolandira ufa ndi wake, madzi ndi ake, nkhuni zomwe zimanka zitalikira chaka ndi chaka ndi zake, kenako ayambe kageni ka mandasi kapena kutcheza kachasu kuti pakhomo paoneke mchere ndi sopo. Ena amati kumeneku ndi kutukuka kwa amayi. Kunena zoona, ndalama akuigwira ndithu, koma msana ukuthyoka, ndipo bambo amene waona kuti ulemu wake wachepa nthawi zina amathetsera mkwiyo pa mkazi yemweyo.

Lero othawa kwawo, ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda, malamulo amati azikhala ku Dzaleka m'boma la Dowa. Msasawu unatsegulidwa mu 1994, ndipo muli anthu oposa 50,000 pa malo oyenera anthu pafupifupi 12,000. Ambiri anatulukamo n'kutsegula timagolosale m'matauni ndi m'misika ya kumidzi, amene timangowatchula kuti Maburundi. Pa kauntala pankakhala amayi, kupima shuga ndi mafuta ophikira m'timapepala kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anayamba kuwabwezera ku msasa mokakamiza, geni n'kuthera pompo.

Ku msasako chotsala ndi banki mkhonde. Amayi 15 mpaka 25 amakumana sabata iliyonse, kugula masheya, kubwerekana pa chiwongoladzanja, n'kugawana pakatha chaka. Zimasokonekera apa: bungwe la United Nations loona za chakudya la WFP likachepetsa thandizo lake, ngongole ya geni imagula ufa wa ana. Tsiku lobweza likafika, mayi amanyamula poto ndi bulangete kukagulitsa.