Zimene magazi anaonetsa pa mimba ya mwana wanga

Kuno ku Thyolo, mwana akatentha thupi aliyense amathamangira kunena kuti ndi malungo. Wanga naye anayamba ndi kubayidwa chala pachipatala chaching'ono, malungo osapezeka. Koma ululu umene unayambira pamchombo unali utatsikira kumunsi kwa mimba, mbali ya kumanja. Nsima anaikana, n'kusanza, ndipo ankayenda chowerama. Anatilembera m'buku lake kuti tipite kuchipatala chachikulu.

Kumeneko adokotala anadina pansi pa mimba pang'onopang'ono, n'kuchotsa dzanja mwadzidzidzi. Mwana anakuwa. "Mayi, musamupatse kanthu kukamwa, ngakhale madzi. Tikukayikira apendikisi."

Apendikisi ndi kathumbo kakang'ono ka m'mimba kamene nthawi zina kamatupa. Anamutenga magazi pamkono, ndi mkodzo womwe. Ku labu amayang'ana zinthu ziwiri. Choyamba ndi maselo oyera, asilikali a m'thupi aja. Akapitirira 10,000, makamaka a mtundu wa neutrophil, chikayiko chimakula. Chachiwiri ndi CRP, imene chiwindi chimatulutsa penapake m'thupi pakatupa. Si zipatala zonse zimene zimayeza imeneyi, choncho funsani.

Maselo oyera anali okwera, koma CRP inali pansi. Mtima unakhala m'malo, ndinayamba kumanga chitenje kuti tizipita. Adokotala anakana. Anati CRP imachedwa: imayamba kukwera pakadutsa maola angapo, n'kufika pachimake patatha pafupifupi masiku awiri. Mwana wobwera msanga akhoza kuoneka ngati alibe vuto, apendikisi ikutupa ndithu. Komanso magazi sanena kuti kutupako kuli pati. Chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo zimakwezanso manambala omwewo. N'chifukwa chake amaphatikiza zonse: nkhani yanu, manja awo pamimba, magazi, ndi sikani ngati ilipo. Kwa mtsikana wamkulu amayezanso ngati ali woyembekezera.

Apa mpamene ndikuchonderera makolo anzanga. Akakuuzani kuti mugone, gonani. Apendikisi ikaphulika, mafinya amafalikira m'mimba monse, ndipo kumudzi usiku simungapeze galimoto.

Tinagona, mwana ali pa dilipi, anesi akubwera kudzamuyeza kutentha. M'mawa anatenganso magazi. CRP inali itakwera kwambiri, mimba itauma. Anandifotokozera za opaleshoni, ndinasaina pepala lovomereza, n'kumukankhira ku fiyeta. Atatuluka, adokotala anandiuza kuti kathumboko anakapeza katatupa koma kasanaphulike.