Poseidonia inandisanzitsa mu basi

Nthawi yomwe ndinkaphunzira ku Napoli, ku Italy, achimwene anga aakulu anabwera kudzandiona, ndiye ndinati ndiwatengere ku Paestum akaone akachisi atatu akale a Agiriki aja, mwina kumudzi akakanene kuti fizi sikupita pachabe.

Usiku wake ndinawaika pansi ngati ana a sitandade 5. Ndinati achimwene, mzindawu anaumanga Agiriki ochokera ku Sybaris cha m'ma 600 Yesu asanabadwe nkuutcha Poseidonia, kutengera dzina la Poseidon mulungu wawo wa nyanja, dzina loti Paestum ndi la Chilatini, Aroma anadzautenga mu 273 Yesu asanabadwe. Ndinapitiriza kuti Aromawo ndi khalidwe lawo, Taras anaisandutsa Tarentum, Akragas nkukhala Agrigentum, achimwene akungoti eya eya maso ali pa mpoto wa pasita.

Mmawa pa siteshoni m'malo mongonena Paestum ngati munthu wabwinobwino, ine matama, ndinafunsa bambo wina wa yunifolomu kuti sitima ya ku Poseidonia tikwerera pati. Bambo uja anakwinya nkhope kenako nkuti "Positano?" Ine poopa kuti achimwene aona kuti Chitaliyana changa nchopempha ndinangoti si, si, mumtima nkumati ndi katchulidwe kawo ka kuno basi. Anatilozera kasitima ka ku Sorrento, kuchoka apo tikwere basi.

Eish msewu umene uja! Wokhotakhota m'mphepete mwa phompho, nyanja ili pansiii, wa ku Golomoti ndi mwana. Ine amene ndimafotokoza za Agiriki ndinatulutsa khofi yense wa mmawa m'jumbo ya achimwene momwe munali mabisiketi awo.

Tafika Positano, masitepe okhaokha, nyumba zopachikika paphiri, mashopu a mandimu ndi madiresi odula, kachisi wa Agiriki olo mwala umodzi. Ndinafunsa mayi wina ogulitsa zakumwa, anaseka mpaka kuitana mnzake, nkutiuza kuti Paestum ili kutsogolo kwa Salerno uko ndipo sitima yake timayenera kukwerera pa Napoli pompaja.

Achimwene anakhala pa sitepe, anavula nsapato, nkundiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuno Agiriki ankakutcha chani, aphunzitsi?"

Mpaka lero pa gulupu ya WhatsApp ya kubanja dzina langa ndi Poseidonia, ngakhale agogo omwe amangoti Posi.